Mpando wa Pageti

Kamphepo anayamba kunyamula zinyalala za mumzinda ndevu zisanamere bwinobwino, ndipo anasiya imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa chipewa. Dzinalo anamupatsa ndi anzake a pagalimoto. Akakhuthula bini, galimoto itanyamuka kale, ankaithamangira ngati pepala louluzika n'kudumphira pasitepe ya kumbuyo, dzanja limodzi lokha litagwira chitsulo. Masiku ano amayenda ndi ndodo ndipo mwendo wakumanzere supinda, koma dzina lija silinamuchoke.

Chimene ankapempha kukhonsolo, ntchito ya kumbuyo kwa galimoto itamukanika, sichinali chachikulu. Pageti la yadi imene magalimoto a zinyalala amagona pali kanyumba ka malata, ndipo m'kanyumbamo muli mpando. Wokhala pampandowo amatsegula geti m'mawa, amatseka madzulo, amathamangitsa agalu. Mwa malamulo a khonsolo, mpando umenewo amapatsa munthu amene anavulala pantchito. Kamphepo anavulaladi pantchito. Vuto linali loti anzake, chifukwa chomukonda, anaonetsetsa kuti pasapezeke wodziwa zimenezo.

Pagalimoto yawo analipo anayi. Kutsogolo kunali dalaivala, bambo wamfupi wojintcha, wokonda kuseka, amene analinso mlamu wake. Kumbuyo kunali Kamphepo, Mlaliki, ndi wina wosalankhulalankhula amene ankangomutchula kuti Wachitatu. Mlaliki sanali mkulu wa mpingo uliwonse, kungoti bini iliyonse ankaipezera phunziro. Akavundukula ya panyumba ya mpanda wautali n'kupezamo buledi wathunthu, ankakweza chala n'kunena kuti, "Abale okondedwa, imvani mmene kukhuta kumanunkhira."

Chibale ndi dalaivala chinayambira pantchito pomwepo. Tsiku lina mvula inawapeza kufupi ndi kwawo kwa dalaivalayo, analowa kukabisala, ndipo amene anabweretsa tiyi anali mlongo wake, mtsikana wosoka zovala, tepi yoyezera ili m'khosi. Chaka chisanathe anakwatirana. Kuyambira pamenepo amuna awiriwo sankatha tsiku osanyogodolana.

"Alamu, ine ndinakupatsani mlongo wanga akununkhira sopo. Mwamutani?"

"Mphuno zake zinafera kwanu komwe, alamu. Akanakhala nazo akanakupirirani inuyo?"

Ovololo ya Kamphepo sinkalowa m'nyumba. Inali ndi msomali wake kuseri, pafupi ndi bafa, jombo zili pansi pake. Akaweruka ankasamba pampopi wa m'yadi mpaka khungu kutuwa, koma akakwera basi kondakitala ankamuuzabe kuti, "Madala, khalani kuwindo, mphepo itithandize tonse." Amayi ena ankakokera mpango kumphuno. Iye ankakhala kuwindoko n'kumaona misewu imene wayeretsa m'mawa ikudanso. Ndi ntchito imeneyo analera ana atatu, ndipo onse anaphunzira kunena kusukulu kuti bambo awo amagwira kukhonsolo, osapitirira pamenepo. Iye anazimva zimenezo, ndipo sanawakalipire.

Panali malamulo a khonsolo, panalinso malamulo a pagalimoto. A khonsolo ankati galimoto ikamabwerera m'mbuyo pasitepe pasakhale munthu, wina atsike aziyenda pambali n'kumakodola dalaivala. Ankatinso munthu akavulala, kapitawo amve tsiku lomwelo. A pagalimoto ankati kutsikatsika n'kutaya nthawi: wa pasitepe ndiye maso a dalaivala, akaona choopsa amenye thupi la galimoto ndi chikhatho, dalaivala aime. Ndipo lamulo lalikulu kuposa onse linali lakuti wovulala saululidwa.

Sikuti anali opusa. Anaona ndi maso awo zimene zinkachitikira oululidwa. Munthu ankauzidwa kuti, "Kapumuleni kunyumba, tikuitanani tikafufuza." Kufufuzako kunkatenga miyezi, dalaivala ataimitsidwa, ndipo podzaitanidwa munthuyo ankapeza pasitepe pake pataima wina. Choncho mnzawo akadzicheka ndi botolo losweka, kapena akabinya phazi podumpha ngalande, ankamubisa. Ankamukhazika kutsogolo pafupi ndi dalaivala, iwo n'kumagwira ntchito yake mpaka achire. Kamphepo yemweyo ananyamulapo mabini a Mlaliki nthawi imene msana unamugwira, ndipo sanaonepo cholakwika. Chaona mnzako chapita, ankatero, mawa chili pa iwe.

Tsiku lake linafika m'nyengo ya mvula, m'kanjira kopanikiza ka kuseri kwa msika, kumene ogulitsa nyama amataya zotsala. M'kanjirako galimoto imalowa chambuyo, khoma uku, khoma uko. Kamphepo anali pasitepe monga mwa masiku onse. Mvula inkasokosera pamalata a msika ngati anthu akuswa miyala. Ataona kuti ngodya ya galimoto ikulunjika chipilala cha simenti, anamenya chikhatho. Anamenyanso. Dalaivala anali atatseka windo. Bondo linapanikizika pakati pa chitsulo ndi chipilalacho, ndipo Kamphepo anamva kulira kwa fupa asanamve ululu.

Anamutsitsa n'kumugoneka pamakatoni onyowa. Dalaivala anatuluka manja ali kumutu.

"Alamu! Mayo ine, alamu, ndakuphani!"

Mlaliki anagwada pambali pa Kamphepo.

"Sindinafe," anatero Kamphepo mano atalumana. "Ndikwezeni kutsogolo anthu asanadzadze."

Ziyenera kunenedwa kuti palibe anamukakamiza. Mawuwo anatuluka pakamwa pake.

Kuchipatala anapita patadutsa masiku, bondo litatupa ngati mutu wa mwana. Dokotala atafunsa, iye anati anagwa pamakwerero akukonza denga kunyumba. Dokotalayo anati mwendowo ufunika chikhakha kuyambira pantchafu mpaka pakakolo. Chikhakha sichibisika mu ovololo. Kamphepo anati akaganize kaye, analandira mapiritsi, osabwererakonso. Mkazi wake ndiye anaumanga mwendowo ndi timatabwa ta bokosi ndi zidutswa za nsalu zotsala posoka, zamaluwamaluwa, zina za yunifolomu ya ana a sukulu.

"Bambo a ana, mwendowu ndi wanu. Si wa khonsolo, si wa achimwene."

"Ndikaulula, achimwene anuwo ntchito yawathera. Inenso andiuza kuti ndikapume. Nyumba ziwiri zigone ndi njala chifukwa cha bondo limodzi?"

Mkaziyo anamanga mfundo yomaliza, anaikoka kwambiri kuposa mmene zinkafunikira, n'kutuluka.

Dalaivala anayamba kumudzera panjinga m'mawa uliwonse. Ankapalasa mtunda wonse ali wefuwefu, mlamu wake ali pakaliyala mwendo uli tasa, ndipo ankalowa m'yadi anthu asanachuluke. Antchito onse ankaima pamzere kuti kapitawo aone jombo ndi magolovesi. Kamphepo ankaima pakati, Mlaliki mbali iyi, Wachitatu mbali inayo, aliyense atakolowetsa zala m'lamba wake chakumsana. Thukuta linkatsika ngakhale kukuzizira. Kapitawo, bambo wamtali wovala magalasi, ankadutsa pang'onopang'ono.

"Mwadzuka bwanji, Kamphepo?"

"Ndadzuka bwino, bwana."

"Ntchito akugwira bwanji ameneyu?"

"Bwinobwino, bwana," dalaivala ankayankha msanga. "Mukumudziwa kale, ndi mphepo."

Kapitawo anali ndi maso, koma ankadziwa poti awaike.

Mvula inatha, kunayamba kuzizira, bondo silinapinde. Kutupa kunaphwa, koma mwendo unauma ngati mpini. Kukhala kutsogolo kunkamuwawa kuposa bondolo. Pagalasi la pambali ankaona anzake awiri akuthamanga ndi mabini a anthu atatu, akuterereka m'matope, akukwera ndi kutsika. Poyamba Mlaliki ankabwera pawindo kudzamuseka.

"A bwana a kutsogolo, tikugulireni nyuzipepala? Kapena tikupizeni?"

Kenako anasiya kubwera pawindo. Wachitatu anaonda, khosi linatalika. Palibe anadandaula, ndipo Kamphepo akanakonda atadandaula. Pa nthawi ya chakudya ankawasiyira gawo la zimene mkazi wake wamupakira, iwo n'kumalandira osamuyang'ana. Apa m'pamene anazindikira kuti lamulo lawo lija analipangira zilonda zimene zimapola.

Kenako khonsolo inagula magalimoto atsopano, okhala ndi mkono wachitsulo wotukula bini wokha. Kumbuyo kunkafunika anthu awiri basi. Analengeza kuti antchito onse ayesedwa: aliyense adzakoke bini yodzaza kuchokera pageti mpaka pampopi, akuluakulu akuonerera. Pamenepo panalibe lamba woti wina agwire. Masiku omwewo kunamveka kuti mkulu wa pageti akupuma pantchito, maso atamuthera.

Kamphepo analowa mu ofesi ya kapitawo, anatseka chitseko, n'kukwinya mwendo wa ovololo mpaka pantchafu. Kapitawo anayang'ana, anavula magalasi.

"Zimenezi mukundionetsa lero bwanji?"

"Munkaziona kale, bwana."

"Ine ndinkaona munthu ataima pamzere. Akandifunsa kulikonse ndidzanena zomwezo." Anapukuta magalasiwo ndi nsonga ya malaya. "Mpando wa pageti sindigawa ine. Za ovulala zimakambidwa ndi makhansala pamsonkhano wawo. Dzina ndikupititsirani. Mubwere ndi mboni imene inalipo."

Lamlungu masana dalaivala anabwera kunyumba monga ankachitira nthawi zonse. Anakhala pakhonde, tiyi ali pakati pawo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkati makina osokera ankalira.

"Alamu," anatero Kamphepo, "msonkhano ndi Lachinayi. Akufuna mboni."

Dalaivala anayesa kuseka, koma sizinatheke.

"Mlaliki sangapite? Pakamwa paja mpamene padzagwire ntchito."

"Mlaliki adzakhala ali pamsewu. Zinyalala sizidikira msonkhano. Kapitawo walola inu nokha, poti ndinu munkayendetsa."

"Akakandifunsa kuti munavulala bwanji?"

"Mukanene kuti ndinavulala pantchito. Basi."

"Anthu aja safunsa funso limodzi, alamu. Akati anali pati? Pasitepe. Galimoto imatani? Imabwerera m'mbuyo. Nanga miyezi yonseyi munkamuika kuti? Ndikayankha zimenezo ndiye kuti ndadzichotsa ndekha." Anazunguza kapu m'manja. "Andiuza kuti imodzi mwa zatsopano zija ndiyendetsa ine."

Makina anaima. Mkazi wa Kamphepo anafika pakhomo, lumo lili m'manja.

"Achimwene, munthuyu anakana chikhakha chifukwa cha inu."

"Ndikudziwa, chemwali. Kodi wakhala akumupalasira njinga m'mawa uliwonse ndani? Si ine?" Anaimirira, anakung'untha thalauza. "Tikaona konko. Musade nkhawa. Chibale ndi fupa, sichiola."

Tiyi wake anamusiya theka.

Lachinayi Kamphepo anavala jekete limene anakwatira nalo, mkazi wake atalifutukula kumsana. Nyumba ya khonsolo ankaidziwa bwino chakuseri, kumene kumakhala mabini. Khomo la kutsogolo anali asanalowepo. Masitepe ake anawakwera chammbali, mwendo wabwino patsogolo, winawo akuukoka. Chipinda cha msonkhano chinali ndi tebulo lalitali lokhota ngati uta, mipando yofewa, ndipo pamalo alionse panali botolo la madzi ndi maikolofoni. Kumbuyo kunali mabenchi a anthu wamba. Pabenchi yake anapezapo mayi wosesa m'misewu, dzanja lili m'nsalu yokoleka m'khosi. Kapitawo anakhala kutsogolo kwawo. Dalaivala anabwera mochedwa, anakhala kumapeto kwenikweni, chipewa chili pamaondo.

Wapampando, mayi wachikulire wa mawu ofatsa, anatsegula msonkhano. Nkhani yoyamba inali ya mabasi: siteji ya kutsogolo kwa masitolo akuluakulu isunthidwe kapena ikhale pomwepo. Khansala wina wa tayi yofiira anati makondakitala amakuwa ngati kwagwa maliro, eni masitolo akudandaula, ndipo mlendo akafika mumzinda amaona chipwirikiti. Khansala wina, mayi wa chikwama chachikulu, anati sitejiyo ikapita kuseri kwa njanji okalamba ndi odwala aziyenda mtunda wautali.

"Kuyenda ndi mankhwala, Wapampando," anatero wa tayi yofiira. "Madokotala akutero."

Anaseka. Kenako anatembenukira ku timadenga tobisalira mvula pamasiteji, ngati tipakidwe utoto wobiriwira kapena wabuluu. Aliyense anali ndi maganizo. Wina anati wobiriwira ukufanana ndi wa chipani china, wina anati wabuluu suchedwa kusuluka. Khansala wina amene ankasinza anadzidzimuka n'kufunsa za siteji ija, ndipo anamufotokozera kuyambira pachiyambi.

Bondo louma likakhalitsa limaluma. Kamphepo anatambasulira mwendo m'kanjira ka pakati pa mabenchi. Mlonda wa pakhomo anabwera n'kuwerama.

"Madala, pindani mwendo, akuluakulu azidutsa apa."

"Supinda."

Mlondayo anauyang'ana mwendowo, anayang'ana ndodo, n'kubwerera pakhomo.

Za mabasi anagwirizana kuti asankhe kagulu kakafufuze, kadzanene pamsonkhano wina. Atatero anatuluka kukamwa tiyi. A pamabenchi anatsala, akumva kulira kwa masipuni m'chipinda chinacho. Mayi wosesa uja anamuyandikira.

"Inu zinakuchitikirani liti, bambo?"

"Nthawi ya mvula."

"Munanena tsiku lomwelo?"

"Ayi."

"Koma ndiye," anatero mayiyo, n'kuyang'ana kumbali.

Atabwerako anayamba za zinyalala. Magalimoto atsopano anawayamikira kwambiri, ndipo panali kukokana pang'ono pa za amene adzadule riboni tsiku lowakhazikitsa. Wa tayi yofiira anadandaula kuti kumsewu wa kwawo galimoto imafika dzuwa litakwera, ndipo anyamata ake amasiya chivundikiro cha bini pansi. Mayi wa chikwama uja anati pasaiwalike kuthokoza anyamata athu olimbika amene amadzuka ife tili m'tulo. Onse anaomba m'manja. Kamphepo anazindikira kuti nayenso akuomba, ndipo anabweza manja pandodo.

Nkhani ya ovulala pantchito inali yomaliza. Dzuwa linali litachoka pamazenera a mbali iyi n'kupita a mbali inayo. Mipando ina inali itatsala yopanda anthu, ndipo otsalawo anali ataika makiyi a magalimoto awo patebulo. Mkulu woona za antchito, bambo wa mawu osakwera osatsika, anayamba ndi mayi wosesa: inamugunda njinga yamoto akusesa, ananena tsiku lomwelo, apatsidwe ntchito yopukuta matebulo mpaka dzanja lichire. Anavomereza ngati kumeza malovu.

"Wotsatira ndi bambo awa a ku zinyalala. Akupempha mpando wa pageti. Akuti anavulala pantchito nthawi ya mvula. Koma kuchipatala anauza dokotala kuti anagwa pamakwerero kunyumba kwawo, ndipo kapitawo wawo akuti sanajombepo."

"Imirirani, bambo," anatero Wapampando. Ataona ndodo anati, "Kapena lankhulirani pomwepo."

Kamphepo anaimirirabe. Anafotokoza mwachidule za kanjira ka kuseri kwa msika, mvula, ndi chipilala. Za makwerero anati linali bodza lake. Za pamzere anati anzake ankamugwira lamba.

"Nanga simunanene bwanji?"

"Ifeyo sitiululana, mayi."

"Anakuuzani zimenezo ndani?"

"Tinazipeza."

Wa tayi yofiira anayatsa maikolofoni yake.

"Wapampando, ndithandizeni nzeru. Ngati bambowa akunena zoona, ndiye kuti khonsolo yakhala ikusunga munthu wongokwera galimoto ngati mlendo wodzaona malo. Ngati akunama, ndiye kuti geti lathu tikupereka kwa munthu wabodza. Tisankhe chiti?"

Ena anaseka. Wapampando sanaseke. Anafunsa ngati dalaivala alipo.

Dalaivala anaimirira, chipewa akuchifinya ngati chonyowa.

"Bambowa munali nawo pagalimoto imodzi. Anavulala pantchito?"

Dalaivala anayang'ana tebulo, anayang'ana msana wa kapitawo. Kumene kunali mlamu wake sanayang'aneko.

"Ine, mayi, ndimakhala kutsogolo. Za kumbuyo sindiziona."

"Sindinafunse kumene mumakhala. Miyezi yonseyi bambowa ankagwira ntchito, kapena ankangokhala m'galimoto?"

"Ankagwira bwinobwino, mayi."

Anali mawu omwe aja a m'mawa uliwonse pamzere, ndipo anatuluka mosavuta, poti lilime linali litawazolowera.

Wapampando anatembenukira kwa Kamphepo, ndipo mawu ake sanali ankhanza.

"Bambo, alipo wina amene angakuikireni umboni? Tikhoza kumuitanitsa pamsonkhano ukubwerawu."

Analipo awiri. Kamphepo anawaona m'maganizo ataima pamene paima dalaivalapo, Mlaliki ndi Wachitatu, akufunsidwa mafunso omwewo, m'masiku omwe akuluakulu akusankha otsala pamagalimoto atsopano. Akanena zoona, anamiza kapitawo miyezi yonseyi. Akakana, ndiye kuti iye adzamvanso mawu amenewa kuchokera pakamwa pa anthu amene ananyamula mabini ake mpaka kuonda. Sanadziwe chimene ankaopa kwambiri pa ziwirizi.

"Palibe, mayi."

Mkulu woona za antchito analankhula ndi mawu ake omwe aja. Pempholi lilibe umboni. Bambowa apume pantchito pa zifukwa za umoyo wawo, ndipo khonsolo ikuwathokoza chifukwa cha zaka zimene atumikira mzinda uno.

"Tavomereza?"

"Tavomereza," anayankha, ena makiyi ali kale m'manja.

Nkhani yonse inatenga nthawi yochepa kuposa ya utoto wa timadenga.

Kutsika masitepe kunavuta kuposa kukwera. Ali pakati anamva dzanja likumugwira pachigongono.

"Alamu, njinga ili kuseri. Ndikakusiyeni kunyumba."

"Mwandinyamula mokwanira."

"Alamu, mundimvetse. Ana aja..."

"Ndamva zonse. Ndinali pomwepo."

Anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa la mwana amene wagona, n'kupitiriza kutsika.

Kunyumba mkazi wake anamuona akulowa ndipo sanafunse za mpando. Anamuvula jekete, analipachika, anabwera ndi madzi akumwa.

"Achimwene anati chiyani?"

"Anati ndimagwira ntchito bwino."

Mkaziyo anapita kuseri, ndipo Kamphepo anamva akukwecha poto amene anali atakwechedwa kale m'mawa.

Mpando wa pageti anaupereka kwa bambo wina wotchetcha udzu m'mapaki, amene makina atamudula zala ziwiri anathamangira kwa kapitawo magazi akudontha. Nthawi imeneyo a ku zinyalala anamuseka kuti ndi wolira msanga, ndipo Kamphepo anaseka nawo. Dalaivala anapatsidwa galimoto yatsopano. Mlaliki anatsala. Wachitatu tsiku loyesedwa anakoka bini mpaka pakati pa yadi, anaima, mpweya unamuthera, ndipo anamuchotsa. Kamphepo atamva zimenezo sanadye tsiku limenelo.

Tsopano amakhala pakhonde, mwendo uli pakachitini, n'kumathandiza mkazi wake. Amamasula misoko ya zovala zobwera kudzachepetsedwa, amasokerera mabatani. Zala zake ndi zokhuthala, singano imamuvuta, ndipo ulusi amachita kumulowetsera. Obweretsa zovala amamupatsa moni mwaulemu n'kumudutsa. Za khonsolo sazikamba. Wina akamufunsa za mwendo amangoti, "Unagwira ntchito yake."

Dalaivala anakhala nthawi yaitali osafika pakhomopo. Lamlungu lina masana anatulukira, atavala malaya atsopano, paketi ya shuga ili m'manja. Anaima kumapeto kwa khonde. Mlongo wake anatuluka, anayang'ana mchimwene wake, anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a ana, achimwene abwera."

Kamphepo anali akusokerera batani pamalaya a mwana wa sukulu. Sanatukule mutu.

"Alamu, mwayamba utelala?" anatero dalaivala. "Mlongo wangayu wakulembani ntchito? Samalani, ameneyu ndi kapitawo woipa. Ine ndinakula naye."

Kamphepo analowetsa singano, anaitulutsa, anamanga mfundo, n'kuluma ulusi.

"Mwaswera bwanji, a dalaivala?" anatero. "Mayi, apatseni pokhala alendowa."

Mkaziyo anabweretsa mpando. Dalaivala anakhala pansonga pake, shuga ali pamiyendo. Anafunsa za ana, anauzidwa kuti ali bwino. Ananena kuti kukuoneka kuti mvula ya chaka chino ifulumira, ndipo Kamphepo anavomereza kuti ikhozadi kufulumira. Kenako dalaivala anaika shuga uja pansi pafupi ndi chitseko, anatsazika, n'kunyamuka.

Mlongo wake anamuperekeza mpaka kumsewu, ndipo anachedwako. Pobwera maso ake anali ofiira. Anadutsa shugayo osamutola, anatenga malaya aja m'manja mwa mwamuna wake, anayang'ana batani, n'kunena kuti lapendekeka. Analimasula ndi lumo, analowetsa ulusi wina m'singano, n'kumubwezera.